Salale yakwera koma mtima suli m'malo, kodi ndi ine ndekha?

Mfana_wa_ku25

Abale anga ndithandizeni maganizo, nkhaniyi ikundisowetsa tulo ndipo kunyumba sindingaiyambe chifukwa andiona ngati ndayamba matama. Ndakhala nthawi yaitali ndikugwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina kuno ku Lilongwe, malipiro ake ongokwana lendi, thumba la chimanga ndi thiransipoti basi, pofika pa 15 nde kuti tayamba kale kukongola bonya ndi tomato kwa mayi ena a pa okala pafupi ndi kwathu. Nthawi imeneyo ndinkadziuza kuti tsiku lomwe ndidzapeze ntchito yabwino mavuto anga adzathera pompo. Chaka chatha Mulungu anandikumbukira, ndinalowa ku bungwe lina, salale inakwera pafupifupi katatu, tinachoka ku 25 kukalowa nyumba ya mpanda, ana ndinawapezera sukulu ya pulaiveti, ndagulako ka Sienta koyendera. Anthu akandiona amangoti mfana uja waphula.

Koma ndikuuzeni zoona sindikukondwa ayi. Foni ikangolira mtima umagunda, chifukwa kumudzi ku Dedza tsiku lolandira amalidziwa kuposa ine mwini wake. Lero feteleza, mawa fizi ya mwana wa achemwali, mkuja malume adwala akufunika ya thiransipoti, malata a nyumba ya mayi ayamba kudontha, maliro akagwa ngakhale a kuchimuna kwa msuweni bokosi amayang'ana ine. Ukatumiza K50,000 pa Airtel Money sipabwera olo zikomo, pamabwera uthenga woti yachepa mukanaonjezera yochotsera. Anzanga akale omwe tinkaonera nawo mpira wa Bullets ndi Nyerere pa ka shopu ka vidiyo sandiimbiranso, akuti ndayamba kudzimva, pomwe ine ndimangoopa kuti ndikapita bilu yonse igwera ine. Anzanga atsopano nawo amamwera malo oti botolo limodzi ndi ndiwo za tsiku lonse, wina akumanga nyumba yosanja ku 43, wina ana ake akupita kunja, ine ndikakhala pakati pawo ndimadziona wosauka kuposa mmene ndinkadzionera ndili ku 25.

Nde funso langa ndi loti, kodi ndalama zimabweretsadi chimwemwe kapena timangonamizana? Inu amene munadutsamo, zimasintha kapena ndizolowere?

Mayi_wa_geni

Achimwene musatinyoze ife chonde kkkk. Mukuti simukukondwa muli mu Sienta? Bwerani tisinthane kwa mwezi umodzi wokha, inu mudzakhale pa benchi langa pano pa Ndirande mukugulitsa mafuta oyeza ndi sopo, ine ndikakhale m'nyumba ya mpandayo ndizikadandaula za foni.

Ine munthu akamati ndalama sizibweretsa chimwemwe ndimadziwiratu kuti ameneyo sanagonepo ndi njala ana akumuyang'ana m'maso. Novembala 2023 atagwetsa kwacha ndi 44 peresenti ija, mpamba wanga unasungunuka ndikuona, ndalama yomwe ndinkaoda nayo zigubu ziwiri za mafuta inayamba kukwana chimodzi ndi theka, makasitomala nawo akukana mtengo watsopano akuti mayi mwayamba kuba. Mwezi womwewo mwana anadwala, kuchipatala anandilembera mankhwala nkuti mukagule ku famase, ndinapita kwa katapila chifukwa ku banki m'khonde ndinali nditatenga kale. Amene anakongolako kwa katapila akudziwa, umatenga K20,000 mwezi ukatha akufuna K30,000 kapena kuposa, ukachedwa akubwera kudzanyamula matiresi anthu akuona. Usiku umenewo ukanandiuza kuti chimwemwe chili mumtima ndikanakugenda ndi mbale.

Sindikuti mavuto anu ndi abodza ayi, koma mavuto anu ndi oti mukhoza kuzimitsa foni nkugona. Anga sazimitsika. Inu mwana akatentha thupi usiku mumaliza galimoto, ife timayamba tagogoda kwa aneba kupempha ya kabaza. Nde musamati ndalama sizinakuthandizeni, zakuchotserani mavuto ena omwe mwaiwala kale kuti munali nawo.

Tchona_waku_Kapa

Amwene ndakumvani bwinobwino, ndipo mayi a geni nawo akunena zoona, koma nkhani ya foniyo ndi yomwe yandikhudza ine. Ndili ku Cape Town kuno, ndimagwira ntchito ya m'galadeni masiku ena, masiku ena kupenta. Kwathu ku Mangochi ndine munthu wolemera kwambiri, ndamanga nyumba ya malata a mtundu, ya mawindo a galasi, ndinagulira abale njinga yamoto ya kabaza, koma nyumbayo ine ndimaionera pa WhatsApp, sindinagonemo. Kuno ndimagona m'kachipinda ka malata komwe timagawana anthu atatu, nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi mvula ikugwa mphepo ikulowa pansi pa chitseko, ukadzuka 4 koloko kukadikira teksi. Amene ali kumudzi zimenezi sazidziwa, amangoona zithunzi titavala majekete pa Sande.

Bambo anga atamwalira sindinapite, mapepala anga sanali bwino ndipo ndikanatuluka kubwerera kukanavuta, komanso aliyense kuno amaopa kukathera ku Lindela, komwe amasungirako anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo. Ndinatumiza ndalama pa Mukuru, anagula bokosi labwino, anthu anadya mpunga ndi nyama, mpaka lero amati maliro a mdala uja anali apamwamba mwana wake ali ku Joni. Ine ndinalira ndekha kuseri kwa nyumba ya bwana wanga nditagwira payipi yothirira maluwa. Ndiye wina adzandiuze kuti ndine wodala chifukwa ndili ndi marandi.

Ndipo si zachilendo izi, agogo athu ankapita ku migodi pa Wenela, ankabwera ndi njinga, wailesi ndi sutikesi ya zovala mudzi wonse nkumawachitira kaduka, koma ena anabwera ndi chifuwa, ena sanabwerenso, mu 1974 ndege inagwa ku Francistown itanyamula a Malawi ochokera ku migodi mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu. Ife adzukulu tikuyendabe njira yomweyo, kungoti pano ndi pa basi kudzera ku Mwanza ndi Beitbridge. Mu 2008 ndi 2015 anthu anathamangitsidwa kuno kusiya katundu yense, ena anabwerera kumudzi ndi jumbo yokha, ndipo abale omwe ankawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi ndi omwe anayamba kuwaseka kuti wabwera chimanjamanja.

Chomwe chinandithandiza ine ndi ichi amwene, ndinasiya kuyankha aliyense payekhapayekha. Ndinauza mayi kuti mwezi ulionse ndizitumiza ndalama yakutiyakuti kwa inu, yafeteleza ndizitumiza kamodzi mu Okutobala, wina aliyense wofuna thandizo azibwera kwa inu. Miyezi yoyamba anandinena kwambiri, achimwene anga aakulu anafika pondiuza kuti waiwala amene anakulera, koma pano anazolowera ndipo foni ikalira ndimatha kuyankha osaopa, nthawi zina amangoimba kundiuza kuti mvula yagwa. Sindinganene kuti ndine wokondwa, koma ndimagona.

Aphunzitsi_a_Zomba

Funso lanuli achimwene anthu ophunzira akhala akukanganirana kwa zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndiponyepo zomwe ndinawerengako, mundikhululukire ndikatalikitsa, ndi matenda a uphunzitsi kkk.

Mu 1974 katswiri wina wa zachuma wa ku America, Richard Easterlin, anaona chinthu chodabwitsa. M'dziko limodzi, olemera amanena kuti ndi okondwa kuposa osauka, izi nzosakayikitsa. Koma dziko lonse likamalemera zaka zikamapita, anthu ake sakondwa moonjezereka mmene munthu ungaganizire. Chifukwa chimodzi chomwe amapereka ndi chomwe mwanena nokha, munthu sadziyeza ndi dzulo lake koma ndi amene wakhala naye pafupi. Ku 25 munkadziyerekeza ndi anzanu okongola bonya, pano mukudziyerekeza ndi womanga nyumba yosanja ku 43, ndalama zakwera koma muyezo wakweranso kuposa ndalamazo.

Kenako mu 2010 Daniel Kahneman ndi Angus Deaton anapeza kuti ku America chisangalalo cha tsiku ndi tsiku chimakwera limodzi ndi malipiro mpaka pa madola pafupifupi 75,000 pa chaka, kupitirira apo sichisinthanso kwenikweni. Nkhani imeneyi inatchuka kwambiri, mpaka anthu ankaigwiritsa ntchito potonthoza osauka. Koma mu 2021 wina, Matthew Killingsworth, anapeza zosiyana, kuti chimangokwerabe. Awiriwa, iye ndi Kahneman, anakhala pansi nkuunikanso limodzi, ndipo mu 2023 anatulutsa zoti kwa anthu ambiri ndalama zikamachuluka chisangalalo chimakwerabe, koma pali kagulu ka anthu osakondwa kwambiri komwe ndalama zimathandiza mpaka pena pake basi, kupitirira apo olo uwaonjezere bwanji sizisintha, chifukwa chomwe chikuwadya ndi china, matenda a maganizo, imfa, banja losokonekera. Chinanso chofunika kumvetsa ndi choti si kwacha iliyonse yomwe imalemera mofanana. Wolandira K100,000 akafika pa K200,000 moyo umasintha kwambiri, koma wolandira K1 miliyoni ukamuonjezera K100,000 yomweyo sazimva nkomwe, iyeyo kuti amve kusintha kofanana afike pa K2 miliyoni. Nchifukwa chake mayi a geni ndi inu nonse mukunena zoona, mwangoima malo osiyana.

Amene amakonda kunena kuti ife a Malawi ndife osauka koma osangalala, timaseka, ndife mtima wofunda wa Africa, akaone lipoti la World Happiness Report. Amafunsa anthu kuti pa makwerero a 0 mpaka 10 moyo wanu mukuuika pati. Mu lipoti la 2025 Malawi anali pa nambala 144 mwa maiko 147, pansi pathu panali Lebanon, Sierra Leone ndi Afghanistan basi. Finland yakhala pamwamba kuyambira 2018. Kumwetulira kwathu ndi khalidwe, timalandira alendo bwino, koma ukamufunsa munthu payekha amakuuza kuti zinthu sizili bwino. Komanso mu lipoti lomwelo Costa Rica ndi Mexico anali m'gulu la maiko khumi apamwamba pomwe America ndi chuma chake chonse inali pa 24, nde si ndalama zokha.

Koma yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya konkuno kwathu ku Zomba. Cha m'ma 2008 ndi 2009 kunachitika kafukufuku wopatsa ndalama atsikana ndi makolo awo mwezi ndi mwezi. Anapeza kuti atsikana olandira ndalama nkhawa zawo zinachepa ndithu, ndipo ndalama zitasiya kubwera phindu limenelo silinakhalitse. Koma tamverani izi, pomwe ndalama yopita kwa makolo inkadalira kuti mtsikanayo azipita kusukulu osajomba, ndalamayo ikakhala yochuluka mtsikana uja mtima sunkapepuka kwenikweni. Ofufuzawo anaganiza kuti nchifukwa choti mwana uja wasanduka mosungira chuma cha banja lonse, akangojomba nyumba yonse yagona ndi njala. Achimwene, inuyo ndi mtsikana ameneyo. Salale yanu yakwera katatu koma anthu oidalira achuluka kuposa katatu, ndipo mukudziwa kuti kontilakiti ya ku bungwe ikangotha si inu nokha mugwe.

Mfana_wa_ku25

Eish aphunzitsi mwandilasa penipeni. Kontilakiti yanga ndi ya zaka ziwiri ndipo mu 2025 tinaona mabungwe ambiri akuchotsa anthu thandizo la ku America litaima, ofesi yathu aliyense amangoyenda mwakachetechete. Mayi a geni pepani sindimafuna kunyoza, ngongole ya pa okala ndikuidziwa, mwina nchifukwa chake ndimalephera kukana munthu akandipempha.

Gogo_wa_ku_Kasungu

Mwana wanga, ine ndalemba kudzera kwa mdzukulu wanga, maso anafooka. Ndalima fodya moyo wanga wonse, ndiye ndalama zobwera nthawi imodzi ndaziona mmene zimapengetsera anthu. Msika ukatsegulidwa mu Epulo, mabelo akapita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, munthu yemwe chaka chonse amayenda ndi nsapato zong'ambika amasanduka bwana. Ena ankachoka ku banki osafika kunyumba sabata yathunthu, ali pa tauni m'maresitihausi, akugulira mowa anthu osawadziwa, kubwera ndi mkazi wachiwiri, mayi wa kunyumba yemwe anasoka fodya mpaka zala kuchita matuza osamugulira olo chitenje. Pofika Novembala njinga ija yagulitsidwa, wailesi yapita, akufunsa ganyu kwa amene ankawagulira mowa aja. Akamakamba amati koma chaka chija ndinanjoya. Kaya kunali kukondwa kumeneko kaya kunali kuiwala chabe mavuto, ine sindiweruza.

Analiponso ena osunga, ogula ng'ombe, ngolo, kumanga chigayo. Koma kumudzi kuno ukalemera umalipira msonkho wina woti boma siliudziwa. Mwana akamwalira m'banja mwanu amati wapita ku chigayo, akuti munakhwima, muli ndi ndondocha zikukugwirirani ntchito usiku. Ndikudziwa bambo wina, wolimbikira kwambiri, woti ankadzuka nkhuku zisanalire, anafika posiya kudya pa maliro kuopa kuthiriridwa mankhwala, achibale ake enieni osamupatsa moni, anamwalira ali ndi ng'ombe zodzaza khola koma odzamudwazika anali mkazi wake yekha. Pomwe mnzake wina wopanda kanthu, wongodziwa kuseketsa anthu pa bawo, atadwala khomo lake silinkatsekedwa.

Sindikukuuza kuti usauke ayi, umphawi ndi woipa, ndinaona njala ya 2002 anthu akudya mizu ya nthochi ndi gaga, palibe amene ankaseka nthawi imeneyo. Akuluakulu anati kupatsa nkuika, ndipo nzoona, abale ako ukuwathandizawo ndi omwe adzakunyamule. Koma kuika sikutanthauza kukhuthula nkhokwe yonse. Wa ku Joni uja wakuuza bwino, ika malire. Ndipo upite kumudzi nthawi zina wopanda chifukwa, osati pa maliro pokha kapena kukasiya feteleza, ukakhale pa mkeka ndi mayi ako mukazinge chimanga, aone kuti ndiwe mwana wawo yemwe uja. Anthu akamakuona pa Airtel Money pokha amaiwala kuti nawenso umadwala mutu.

NaBanda_wa_mBlantyre

Ine ndawerenga zonse koma palibe amene wafunsa funso lomwe ndikuliona lalikulu, akazi anu akudziwa kuti simukugona? Mwati kunyumba simungaikambe nkhaniyi, nde mukukamba ndi ife anthu osakudziwani pomwe munthu amene munkakongola naye bonya limodzi ali chipinda chomwecho. Amuna a ku Malawi vuto lanu ndi limeneli, mumafuna kuoneka olimba, mumasenza zonse nokha mpaka BP, ndipo apolisi akamalengeza za anthu odzipha nthawi zambiri amakhala abambo, zifukwa zake ngongole ndi nkhani za m'banja. Sindikukuopsezani koma musazitenge mopepuka zoti tulo sitikubwera.

Ifenso tinadutsamo amuna anga atakwezedwa pa ntchito. Kale tinkadya limodzi madzulo nsima ya masamba otendera tikumvera wailesi, atakwezedwa anayamba kufika 9 koloko usiku atatopa, laputopu pa bedi, Loweruka ku wekishopu ku Mangochi kapena ku Salima, ana ankawaona pa Sande pokha. Filiji inadzaza ndithu sindinama, ndipo sindikufuna kubwerera ku moyo wakale, koma ndinawauza kuti ine sindinakwatiwe ndi filiji. Tinakhala pansi nkulemba pa pepala, ya nyumba iyi, ya kwanu iyi, ya kwathu iyi, yosunga iyi yoti olo wina alire bwanji sitikhudza pokhapokha ndi matenda enieni. Yosungayo ndi yomwe inabweza tulo, chifukwa mantha aakulu a munthu wochokera kosauka ndi oti ndidzabwereranso komwe ndinachoka, ndipo Sienta sichotsa mantha amenewo, imangomwa mafuta omwenso masiku ena mumagonera pa mzere ku filing'i siteshoni.

Za anzanu akalewo, musadikire kuti akuimbireni, iwonso akuchita manyazi akuganiza kuti muwaona ngati akufuna kukupemphani. Pitani ku ka shopu ka vidiyoko tsiku la mpira, galimoto muisiye kunyumba mukwere minibasi, mugule chipisi cha pa chiwaya mudye nawo, bilu ikabwera aliyense alipire yake ngati kale. Wina akakupemphani mukane mwaulemu, amene atsale ndi anzanu enieni. A ku 43 aja asiyeni amange, simukudziwa kuti loni yake ikuwadula zingati pa mwezi.

Mayi_wa_geni

Apa NaBanda mwanena. Koma achimwene mukakonza bajetiyo muikemo ka mzere ka mayi a geni a pa Ndirande, ine sindidzati yachepa, ndidzathokoza mpaka mutope kkkkk. Komanso mayi a pa okala a ku 25 aja munawalipira ngongole yonse musanasamuke? Poti ambiri mukaphula mumasamuka usiku.

Mfana_wa_ku25

Kkkkk ndinalipira mayi, ndinaonjezeranso ya fanta. Madamu ndikamba nawo Loweruka ana akapita ku kwaya. Achimwene a ku Kapa ndikufuna mundiuze bwino mmene munawauzira akuluakulu a kwanu za malirezo, chifukwa kwathu ku Dedza malume ndi amene amalamula ndipo sindikudziwa poyambira.